Mutu wa Makina a Uladi

Uladi ankadana ndi khasu, ndipo sankabisa. Anakwatira ku Chikweo, kwawo kwa mkazi wake Nafisa, ndipo monga mkamwini aliyense anapatsidwa munda wa thonje ndi maso a mudzi wonse. Analima zaka zitatu akutukwana chamumtima, mpaka anagula makina osokera akale ku Balaka. Makinawo ndiwo anali khomo lake lotulukira m'munda. Ankawapukuta kuposa mmene ankasambira mwini wake.

Utelala anauphunzira kwa a Mohamedi, nkhalamba yosoka pakhonde la sitolo ina ku Balaka komweko. Tsiku lina Uladi anapita kwa iwo atasenza mpukutu wathunthu wa nsalu, wogula ndi ndalama za mbuzi zinayi za Nafisa.

"Nsalu yonseyi ndi ya ndani?" anafunsa a Mohamedi.

"Yanga, ambuje. Ndatopa n'kusoka zigamba. Idi yayandikira, ndipo anyamata obwera ku Joni akufuna mabelu, mabuluku otambalala kumapazi aja. Ndisokeratu ambiri, ndikagulitse pamsika."

"Mwanache, mwananga iwe, telala sadula nsalu yake. Amadula ya mwini, mwiniyo ataima pomwepo. Ngati mtima wakana, dula awiri, ugulitse, ukadulenso awiri. Sizasi sibwerera m'mbuyo."

Uladi anathokoza mwaulemu, koma mumtima anati tsobola wakale sawawa. Ndipo tisamunyoze msanga: mkuluyo anali atasoka zaka makumi atatu pakhonde la eni, wopanda ngakhale njinga. Ndani angafune kukalamba chotero? Atafika kwawo anayala mpukutu wonse pamphasa n'kuudula mabuluku khumi ndi asanu ndi atatu tsiku limodzi.

Anamaliza kusoka kutatsala tsiku limodzi kuti ukhale msika wa ku Nselema, womaliza Idi isanafike. Masana omwewo Nafisa anabwera kuchokera kwa aphunzitsi, kumene kunali wailesi, nkhope itagwa.

"Bambo a Zaina, akuti boma laletsa mabuluku otambalala. Achepetseni kumapaziko, masiku awiri mwamaliza."

"Ndikawachepetsa akhala mabuluku wamba, ndipo msika udutsa," anatero Uladi. "Lamulo limachoka ku Zomba wapansi. Likamafika ku Nselema, Idi idzakhala itatha."

M'mawa anamasula mutu wa makina pathebulo lake lopondera, n'kuumanga panjinga pamodzi ndi katundu. Ankafuna kuti wogula aliyense azimupindira buluku pomwepo molingana ndi msinkhu wake, akupukusa ndi dzanja. Nafisa anagwira chishalo. "Mabulukuwo tengani, koma mutuwo usiyeni." Iye anaseka n'kupalasa.

Dzuwa lisanafike pamutu anali atagulitsa atatu, ndipo mtima unkamuvina. Kenaka msika unazizira. Anatulukira anyamata anayi a malaya ofiira, aja ankafunsa makhadi a chipani pazipata za misika. Uladi sanaope, khadi anali nalo. Komanso wotsogolera wawo ankamudziwa: anali Jasten, amene miyezi iwiri m'mbuyomo anabwera yekha ku Chikweo kudzasoketsa belu lake.

Jasten ananyamula buluku limodzi ndi nsonga ya ndodo. "Simunamve wailesi, bambo?"

Mwina akanapepesa, akanangouzidwa kuti alongedze azipita. Koma Uladi anamwetulira, nalankhula mokweza ngati munthu wocheza ndi mnzake, anthu onse akumva.

"Aa, achimwene a Jasten, si inu nomwe ndinakusokerani lotere? Linakukhalani bwino zedi."

Anzake atatu aja anatembenuka kuyang'ana Jasten. Masiku amenewo munthu woyang'anidwa choncho ankadziyeretsa pothira mnzake matope, ndipo Jasten anali ndi ana akenso. Nkhope yake inauma.

"Ukuti chiyani, iwe? Ukundinamizira ine? Tenga sizasi yako."

Anamudulitsa yekha, buluku lililonse, mwendo wina pabondo, wina pantchafu, kuti lisakhalenso ngakhale kabudula. Uladi ankadula akumva mbuzi za Nafisa zikulira m'sizasimo. Anthu anayang'ana pansi.  Atamaliza khumi ndi asanu onsewo, anaganiza kuti zathera pompo, ndipo anayamba kudzitonthoza kuti nsalu imagulidwa, bola makina alipo.

"Ichi ndicho chida chophwanyira lamulo," anatero Jasten, akuloza mutu wa makina. "Nyamulani."

Uladi anagwada m'fumbi. "Chonde, bwana, tengani njinga. Tengani ndalama. Iwowo iyayi."

"Ukufuna ukawatsatire? Tiye, ukafotokoze kumeneko kuti umatsutsa boma."

Uladi anadziwa, monga aliyense ankadziwira, kuti opita kukafotokoza ena sankabwerako. Anakhala chogwada mpaka malaya ofiira aja anazimiririka kuseri kwa sitolo, mmodzi atasenza zaka zake zitatu paphewa.

Anafika ku Chikweo akukankha njinga. Nafisa anayang'ana pakaliyala popanda kanthu, ndipo za mbuzi sananene.  Uladi analowa m'nyumba n'kukhala pathebulo la makina lija, pakati pake pali chibowo. Phazi linaponda lokha mwachizolowezi, gudumu linazungulira bwinobwino, lamba ali lendelende, osakoka chilichonse. Apo m'pamene analira.

M'mawa mwake Nafisa anatseka chibowocho ndi thabwa n'kuikapo ndowa ya madzi. Uladi atatuluka panja anapeza khasu litatsamira khoma, lili ndi mpini watsopano. Anaugwira, naona kuti unali wouma bwino, wosalala, osati wosemedwa dzulo. Apongozi ake anali atausema kale, sabata yomwe iye anabwera ndi nsalu ija kuchokera ku Balaka.