Pepala Lomwe Mng'ono Wanga Sanasaine

Foni inalira ndili pabwalo kuyanika zovala. Anali mng'ono wanga, yemwe ankachapa ndi kusita nsalu za pabedi pa hotela ina kunja kwa dziko.

"Achemwali, andichotsa ntchito. Makina ositira ananditentha dzanja, ndiye akuti changu chandithera."

Anandifotokozera mmene zinayendera. M'chipinda chochapiramo, m'mawa uliwonse kapitawo amabwera ndi mulu wa mapepala. Aliyense amasaina poti wafika, poti walandira magolovesi, poti walandira sopo. Palibe amawerenga, munthu amangolemba dzina n'kuthamangira ku makina. Tsiku lomwe anamuchotsa ntchitolo kapitawo anapinda ngodya ya pepala lapansi n'kumuuza kuti asainenso pamenepo. Poti dzanja linali m'bandeji, ankalemba pang'onopang'ono ndi lamanzere, ndipo anaona kuti pepalalo si la masiku onse. Anazengereza, n'kulijambula pa foni.

"Akuti ndikasaina mawa andibwezera pasipoti yanga yomwe amasunga ndi kundipatsa tikiti ya ndege. Koma chinenero chake sindikuchimva."

Amayi ananditsomphola foni. "Saina, mwana wanga, ubwere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dzanjalo tidzasamala konkuno."

Sindibisa, inenso ndinagwirizana nawo. Ndinali ndi mantha, ndipo munthu wamantha amangofuna khomo lotulukira. Komabe ndinapita ndi chithunzi chomwe ananditumizira kwa aneba athu, a Kalaliki, omwe anapuma ntchito ku ofesi yoona za apantchito. Bambo amenewa amawerenga ngakhale pepala lokulungira buledi, moti timawaseka.

Anavala magalasi, n'kutumiza chithunzicho kwa mnzawo wodziwa chinenerocho. Yankho litabwera anatikhazika pansi, mng'ono wanga akumvetsera pa foni.

"Apa palembedwa kuti wasiya ntchito mwa kufuna kwake, walandira zake zonse, ndipo sadzadandaula kulikonse, ngakhale za dzanjalo."

"Koma sanasiye yekha," ndinatero.

"Akasaina, pepala lidzanena kuti anasiya yekha, ndipo oweruza adzayamba amva pepalalo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Kwina pepala lotere limatha kuthetsedwa ngati munthu anachita kukakamizidwa, koma ndi mlandu wautali, ndipo ngovuta kuuyendetsa uli kuno."

"Nanga akamukaniza pasipoti, ndidzamuonanso mwana wanga?" Amayi anafunsa misozi ili m'maso.

"Mayi, pasipoti si chikole. Iwe mwana, tamvera. Mawa uwauze mwaulemu kuti sukusaina mpaka wina amene si wa hotelayo akuwerengere. Upemphe kalata yonena kuti akuchotsa ndi iwo, ndi chifukwa chake. Usunge kontirakiti yako, mapepala a kuchipatala ndi mauthenga a kapitawo. Kenako upite ku ofesi ya zantchito ya komweko, udziwitsenso ofesi ya kazembe wathu. Usachedwe, madandaulo otere amakhala ndi malire a masiku."

M'mawa mwake mng'ono wanga anachita zomwezo. Kapitawo anamuopseza kuti tikiti aiwale, koma iye anapinda manja osasaina. Anakhala milungu isanu kwa mnzake wa pantchito, akugona pa mpando wa pabalaza. Milungu imeneyo Amayi sankawayankha moni a Kalaliki.

Kenako ofesi ya zantchito inaitanitsa mbali zonse ziwiri. Pasipoti inabwezedwa tsiku lomwelo. A hotela anavomera kuti anamuchotsa ndi iwo, anamupatsa malipiro ake otsala ndi chipukutamisozi, n'kulonjeza polemba kuti alipira chithandizo cha dzanja mpaka lichire. Pepala la mgwirizanowo anamuwerengera womasulira mzere ndi mzere, ndipo limenelo anasaina.

Atafika kunyumba, Amayi anagwira dzanja lija n'kuliyang'anitsitsa nthawi yaitali. Zala ziwiri zinali zisanayambe kupindika bwino.

"Ndikanakugulitsa ndi tikiti imodzi, mwana wanga," anatero motsitsa mawu.

Inu amene muli ndi m'bale kunja, muuzeni izi: akachotsedwa ntchito asasaine pepala lomwe sakulimva, ngakhale amulonjeze ulendo wa mawa. Apemphe nthawi, asunge mapepala ake, afunse ku ofesi ya zantchito. Nafenso otsala kumudzi tisamukankhe kuti asaine chifukwa choti tamusowa.