Kufunafuna Yahaya pa Kanema

Madina ankagulitsa mpunga m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi mlatho wa Bua. Lachinayi lina m'mawa, thiraki yonyamula shuga inaima chapatali pang'ono ndi pamene iye ankayala malonda, ndipo munatsika Kalilu, dalaivala amene anakulira limodzi ndi mwana wake Yahaya. Kalilu sanafunse n'komwe mtengo wa mpunga. Ananjuta pansi n'kuvula kapusi.

"Amayi, musandiyese wamisala. Yahaya ndamuona."

Madina anasiya kuyala mpunga. Yahaya anapita ku Joni mkazi wake Bushra ali woyembekezera, ndipo tsopano mwana amene anali m'mimbayo anali atayamba sukulu. Miyezi yoyamba ankaimba foni, kenako anangoti zii. Obwera kuchokera kumeneko aliyense ankanena zake. Wina ankati anamangidwa, wina ankati anafera m'zipolowe zothamangitsa alendo, winanso ankati anakwatira mkazi wa komweko.

"Wamuona kuti?"

"Pa kanema, amayi. Tinali pa loji ina ku Mwanza, tikudikira mapepala a katundu. Ankaonetsa pulogalamu ya asodzi a kunyanja ya mchere, ku Kepi, ku Joni komweko. Anyamata ankatsitsa nsomba m'sitima, mmodzi n'kutembenuka. Ine ndinachita kuimirira. Ndi iyeyo, walahi. Foni yanga inali itatha moto, bwenzi nditajambula."

Kalilu anafotokoza kuti pulogalamuyo siioneka pa wailesi yakanema wamba. Imapezeka pa apu ina yokhala ndi chizindikiro cha kambalame kofiira, imene anthu amaonera kudzera pa kabokosi kolumikiza ku kanema. Anamuuza kuti ku Dwangwa kuli Daniel, mwini vidiyo sho, amene ali nako kabokosiko. Dzina la pulogalamuyo linali lachingerezi, choncho analitumiza pa foni ya Bushra, n'kukwera thiraki yake.

Uthengawo unafika pa nthawi yovuta. A Swaleh, alongo ake a Madina, ndiwo anali eni mbumba, ndipo anali atagamula kale kuti Loweruka likudzalo kuchitika sadaka ya Yahaya monga munthu womwalira. Abale a Bushra anali atatopa kudikira. Ankafuna mwana wawo amasuke, akwatiwe kwina akadali ndi mphamvu. Mbuzi inali itagulidwa, shehe anali atauzidwa.

Madina anawapeza a Swaleh akusoka ukonde pakhonde. Anamvetsera osakweza mutu.

"Achemwali, anthu amafanana. Kalilu amayenda ndi tulo m'maso."

"Achimwene, mukufuna kumuika mwana wanga m'manda ali moyo?"

"Ine ndikufuna mtima wanu upume, ndi wa mtsikana uyu. Pitani mukaone. Mukabwera ndi chogwirika, sadaka tiimitsa. Mukabwera chimanjamanja, musadzandiletsenso."

Malonda anawasiyira mnzake woyandikana naye, ndipo iye ndi Bushra anakwera minibasi ya ku Dwangwa. Ulendo wonse Bushra ankangoyang'ana minda ya nzimbe, atafumbatira foni yake yong'aluka galasi.

Vidiyo sho ya Daniel inali kuseri kwa msika, nyumba ya malata yokhala ndi mabenchi. Pamene ankafika, amuna ankatuluka akudandaula, ena akutukwana. M'katimo Daniel anali ataimirira pamaso pa kanema wamkulu, akudinadina rimoti, thukuta lili kamukamu. Madina anapereka moni n'kulongosola chimene anadzera. Daniel anamuyang'ana ngati munthu amene wamupempha madzi chitsime chitangouma.

"Mayi, mukanabwera dzulo."

Analoza pa kanema. Panali tizithunzi tambiri tondandalikana, koma pakati pake panali mpata.

"Kambalame kanali apa. Lero m'mawa ndayatsa, ndapeza kulibe. Mpira, mafilimu, zonse zimene anthu amadzera kuno zinali momwemo."

"Ndani wakachotsa?"

"Eni ake a kabokosi kakudaka. Akangana ndi eni ake a kambalame. A kambalame apanga kachipangizo kawokawo koonera, koyera, kakang'ono ngati chala. Ndiye a kabokosi akwiya kuti akuwalanda malonda, achotsa kambalame m'mabokosi awo onse dziko lonse lapansi. Koma iwo akukana, akuti a kambalame ndiwo adzichotsa okha kuti tigule chawocho. Aliyense akuloza mnzake."

"Ofesi yawo ili kuti? Ku boma? Ku Lilongwe? Ndipita ndikawapemphe."

"Ali kutsidya kwa nyanja, mayi. Sadziwa n'komwe kuti kuli malo otchedwa Dwangwa."

"Nanga kabokosiko si kanu? Simunagule?"

"Ndinagula. Koma makiyi anatsala kwa iwo."

Madina anakhala pa benchi. Sankamvetsa kuti anthu amene sanawalakwire, amene sanawaonepo, angaime bwanji pakati pa iye ndi nkhope ya mwana wake. Anayesa foni ya Bushra, koma apuyo inakana kulowa, akuti foniyo ndi yakale. Anayesa foni ya Daniel, koma Danielyo kulembetsa kwake anachitira kudzera m'kabokosi, ndipo kunali kutatsekedwa limodzi. Anazungulira masitolo onse a zamagetsi kufunsa za kachipangizo koyera kaja. Wina anaseka, wina anati mwina mwezi wamawa, wina anati kuno sikafika chifukwa eni ake sanaike Malawi pa maiko ogulitsako.

Atabwerera ku vidiyo sho, anapeza pali Ramsey, wokonza mafoni pamsikapo. Iye anati angathe kulowetsa kambalame mokakamiza, kudzera njira ya kuseri.

"Nthawi zina zimatheka," anatero Ramsey. "Nthawi zina kabokosi kamafa. Sindikulonjeza."

Daniel anapukusa mutu. "Ayi. Ngakhale kambalame kachoka, katsala ndi zina zoonetsa. Ana anga amadyera pomwepa."

Apo Madina anachita chinthu chimene sanachitepo kwa munthu wa msinkhu wa mwana wake. Anagwada pa dothi n'kugwira miyendo ya Daniel.

"Bambo, Loweruka akumuwerengera duwa, pemphero la akufa. Ndiloleni ndimuone kamodzi kokha. Kamodzi."

"Dzukani, mayi, chonde dzukani. Mukundichimwitsa."

Sanadzuke. Daniel anayang'ana kudenga kwa kanthawi, kenako anazula kabokosiko n'kumupatsa Ramsey. Ramsey analowetsa fulashi yake, nadinadina. Pa kanema panayamba kuyenda kamzere, pang'onopang'ono, ndipo Madina ankatchula maina a Mulungu chamumtima. Kamzereko katatsala pang'ono kufika kumapeto, kanema anathima. Anayakanso, n'kuthimanso. Anayakanso kachitatu, kenako mdima. Ramsey anayesa zonse zimene ankadziwa, ndipo pomaliza anazula fulashi yake.

"Azindikira kuti tikulowera kuseri. Akakhomeratu kabokosika."

Daniel anakhala pansi, atagwira mutu ndi manja awiri. Madina anaweramitsa mutu ndi manyazi. Anabwera ndi tsoka lake, ndipo tsopano anali atalisiya m'nyumba ya munthu wina. Iye ndi Bushra anayamba kutuluka mwakachetechete. Ali pakhomo, Daniel analankhula osadzutsa mutu.

"Ku nyumba za ogwira ntchito kumunda wa nzimbe kuli anamwino, mayi Dora. Timapemphera limodzi. Mwana wawo anawabweretsera koyera kaja kuchokera kunja. Kawauzeni kuti ndakutumani ndine."

Anayenda wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Pa geti mlonda anawaimitsa. Analibe chilolezo, analibe nambala ya nyumba, ndipo mayi Dora anali ku ntchito. Madina anachonderera, mlonda anati malamulo si ake. Choncho anakhala pansi m'mbali mwa geti, pamene panalibe mthunzi. Mathirakitala odzaza nzimbe ankadutsa n'kuwathira fumbi. Bushra anati abwerere, mwana ali yekha kunyumba. Madina anati, "Pita iwe, ine sindichoka." Bushra sanapite. Nthawi ya swala itakwana, Madina anatawaza ndi madzi a m'ngalande, nayala chitenje chake pa udzu. Ankapemphera koma mutu uli pa geti.

Chakumadzulo kunabwera mayi wonenepa wovala zoyera, akukankha njinga. Mlonda anawanong'oneza, akuloza awiriwo. Anali mayi Dora, ndipo anamvetsera nkhani yonse ataimirira pomwepo, osadula mawu. Atamva za kabokosi ka Daniel anagwira pakamwa. Kenako anauza mlonda kuti, "Awa ndi alendo anga."

M'nyumba mwawo munali mozizira. Anawapatsa madzi, koma Madina sanamwe. Kuseri kwa kanema kunali kachipangizo koyera kaja, kakang'ono zedi, moti Madina anadabwa kuti mavuto onsewa n'chifukwa cha kanthu kotere. Kambalame kofiira kanaonekera. Bushra anawerenga dzina la pulogalamu pa foni, mayi Dora analipeza.

Panaoneka nyanja yotuwa, ya mafunde aatali kuposa a mwera. Mzungu wandevu ankalankhula, akulankhulabe, osatha. Kenako sitima inafika padoko, ndipo amuna ovala maovolo achikasu ndi zipewa zaubweya anayamba kupatsirana mabokosi a nsomba. Mmodzi anali kumbuyo kwa anzake. Anaweramira bokosi, nadzuka, natembenukira ku kamera, ndipo nthawi yomweyo chithunzi chinabwerera kwa mzungu uja.

"Bwezani!" anakuwa Madina.

Mayi Dora anabweza, naimitsa pamene munthuyo anatembenuka. Madina anayenda chokwawa mpaka pa kanema. Chipewa chinali chitaphimba mphumi ndi makutu. Ndevu zinali zitadzaza masaya, pomwe Yahaya anachoka alibe ndevu. Akayandikira kwambiri, nkhopeyo inkasweka n'kukhala timadontho. Akabwerera m'mbuyo, inkakhala nkhope ya munthu wakuda wowonda, wotopa, amene akanatha kukhala mwana wa mayi aliyense. Tsiku lonse ankaganiza kuti akangomuona, mimba yake imuuza. Tsopano mimbayo inali chete, ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa zonse zimene anakumana nazo tsikulo.

"Bwezaninso."

Anabweza kambirimbiri. Mayi Dora sanadandaule. Madina anayang'ana mapewa, anayang'ana manja, anayang'ana mmene munthuyo ankaweramira.

"Ndi iyeyo," anatero Madina potsiriza. "Bushra, si iyeyo? Taona mapewawo."

Bushra anali atakhala pamphepete pa mpando, misozi ikutsika. Anayang'ana kanema nthawi yaitali.

"Amayi, ndikanakonda ndikanati inde."

"Iwe ukufuna kukwatiwa, n'chifukwa chake!"

Mawuwo anatuluka asanawaganize. Bushra anangotenga mpango wake n'kupukuta nkhope. Mayi Dora anajambula kanemayo ndi foni yawo n'kutumiza chithunzicho kwa Bushra, koma chinatuluka choipa kuposa pa kanema, chodzaza mizeremizere. Anawaperekeza mpaka pa msewu, ndipo potsanzikana anamugwira Madina dzanja n'kunena kuti khomo lawo ndi lotsegula tsiku lililonse limene angafune kudzaonanso.

M'minibasi, atadutsa Nkhunga, Madina anagwira bondo la Bushra.

"Undikhululukire, mwanawe. Ndalankhula zopusa."

"Palibe kanthu, amayi."

"Inenso sindikudziwa. Ndinamubereka ndekha, koma sindikudziwa."

Lachisanu m'mawa a Swaleh anayang'ana chithunzicho atavala magalasi, anachitembenuza uku ndi uku, n'kubweza foni. Anati sangaimitse anthu chifukwa cha chipewa ndi ndevu. Madina sanakangane nawo. Anapita yekha kwa shehe swala ya Ijumaa itatha, nawafotokozera zonse, osabisa kuti iye mwini akukayika. Shehe anati za Bushra sangazibweze, chifukwa mkazi wosiyidwa zaka zonsezi ali ndi ufulu womasulidwa, mwamuna akhale moyo kapena ayi. Koma za duwa anavomera kusintha.

Loweruka mbuzi inaphedwa ndipo anthu anadya. Shehe sanatchule Yahaya pakati pa akufa. Anamupempherera monga munthu amene ali pa ulendo, kuti ngati ali moyo Mulungu amuonetse njira ya kwawo, ndipo ngati anapita amuchitire chifundo. A Swaleh anangokwinya nkhope.

Mvula itayamba, Bushra anabwerera kwa makolo ake ku boma pamodzi ndi mwana, ndipo chaka chotsatira anakwatiwa ndi mmisiri wa mabwato. Daniel anatseka vidiyo sho n'kuyamba kutchaja mafoni pakhonde pomwepo. Makampani aja anadzagwirizana patapita miyezi, kambalame n'kubwerera m'mabokosi akuda, koma kabokosi ka Daniel sikanadzukenso. Madina anapitanso kwa mayi Dora kawiri. Ulendo wachitatu anapeza pulogalamu ya asodzi itachotsedwa, ndipo mayi Dora anafufuza paliponse osaipeza. Madina anakhala pa mpando kwa kanthawi, anamwa tiyi amene anamupatsa, kenako anatsanzika kuti akapeze minibasi kusanade.