Kutentha kwa a Julião

Chaka chimene a Julião anamaliza kufolera nyumba yawo kufupi ndi Milange, anthu atabwerako ku Malawi kumene anathawira nkhondo, n'chaka chomwecho anasiya kuwakhudza akazi awo, a Armanda. Poyamba a Armanda ankati n'kutopa. Munthu woumba njerwa m'mawa, masana n'kumazula zitsa pamunda umene unagona nkhondo yonse, angatsale ndi mphamvu zanji? Koma mvula inagwa, inakata, chimanga chinalowa m'nkhokwe, mdala uja akugonabe choyang'ana kukhoma ngati mlendo.

Ndiye panalinso timaulendo. Mwezi ukangooneka, a Julião ankapalasa njinga kuwoloka malire, n'kubwerako mawa lake ndi kamtanda ka sopo, ngati kuti ku Milange sopo anatha. Kusamba ankasamba okha, madzi kudzitengera okha. Jekete lawo, lija amati kazako, sankavula ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Tsono amuna angati amene anasiya mbumba yachiwiri kutsidya kuja nthawi yothawa? Aliyense ankawadziwa mayina. A Armanda mtima unkawauza kuti ku Muloza kuli mkazi, ndipo banja limene analisenza pamutu kudutsa nalo nkhondo likuwathera m'manja nthawi ya mtendere. Zinkawapweteka koopsa, koma kufunsa ankaopa yankho.

Kenaka mwana wawo Olinda anachira, mwana wamwamuna. Paja khanda lanthete silinyamulidwa ndi munthu wotentha, amene wagona ndi mkazi kapena mwamuna masiku amenewo, lingatupe ndi tsempho. Banja lonse limadika, aliyense akhale wozizira. Mchombo utagwa, amayi a m'mudzi anasonkhana pakhonde kudzaona mlendoyo, ndipo a Armanda anamufungatira m'kapulana, chitenje chawo, kupita naye kwa agogo ake aamuna, amene anali atangobwera dzulo lake kuchokera kutsidya.

A Julião anatambasula manja, kenaka anawabweza. Thukuta linali litayamba kuchita kamukamu pamphumi, kutsikira m'khosi.

"Ayi, mayi a Olinda, musandipatse panopa," anatero. "Ndikutentha."

Mayi wina anayamba kukonza mpango woti unali bwinobwino. Eni mawuwo, osadziwa chimene alavula, anadzuka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

A Armanda anabweza mwana kwa mayi ake mwamanyazi. Anawapeza amuna awo pambali pa bafa akudzithira madzi kumutu ndi chikho.

"Dzina lake ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Yani?"

"Wakutenthetsaniyo. Poti mwaulula pagulu, malizitsani kwa ine."

A Julião anaima chikho chili m'manja, madzi akudontha m'ndevu. Mawu awo aja anawabwerera m'khutu mmene anthu anawamvera, ndipo anangoti, "Mayo ine." Anawakokera akazi awo m'bafa lamaudzu lija, namasula mabatani a kazako ndi a malaya, maso ali kumbali. Pachifuwa pawo panali mabere, otupa ngati a mtsikana amene akungophukira.

Nkhani inatuluka modukaduka. Mkodzo unayamba kuwavuta akadali ku kampu ya othawa nkhondo, kenaka msana. Ku chipatala cha kutsidya anawatumiza ku Blantyre, kumene dokotala anawauza kuti ndi khansa ya kachiwalo kamene amuna ali nako pansi pa chikhodzodzo. Matendawo, ati, amadya mphamvu yachimuna, ndiye mapiritsi amene ankakatenga mwezi ndi mwezi ntchito yake n'kuzimitsa mphamvuyo. Mabere n'chifukwa cha mapiritsiwo. Kutenthako nakonso n'komweko, kumangobwera ngati moto wa lupsa, thukuta thoo, kenaka n'kupita kokha.

"Ndimaopa kuti mwana angandipulumuke m'manja, mmene anyowereramu," anatero. "Za kutentha kwinako, mayi, ine ndinaiwala ndi njira yomwe. Ndikanakuuzani bwanji? Kuti amuna anu asanduka anzanu a kumtondo?"

A Armanda anayamba ndi kuseka. Sanafune, koma chiseko chinawatulukira chokha, mpaka anagwira mzati wa bafa. Kenaka misozi. Kenaka ukali, poti nawonso unali kudikira mpata wake.

"Inu bambo a Olinda, ndinu munthu woipa. Chaka chathunthu ine ndikudana ndi mkazi woti kulibe. Ndinamupatsa ndi nkhope yomwe, wofiira, wa mpata m'mano, wodziwa kuphika tiyi wa mkaka. Ndamutukwana ine popalira, ndamutukwana potunga madzi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana. "Tsono mufa?"

"Anati mapiritsi amangoigoneka, sayichotsa. Koma msana unaleka, mkodzo ukuyenda. Njerwa zija anaumba ndani?"

Mawu akuti khansa anali olemera, a Armanda anawamva kulemera kwake. Komabe mtima wawo unakhala m'malo koyamba chibwerere kwawo kuno. Matenda munthu umawaphikira phala, umawaperekeza kuchipatala. Mkazi mnzako wobisika ungamutani?

"Mwezi wamawa mundikweza pakaliyala," anatero. "Mangani mabataniwo, tiyeni."

Pakhonde amayi aja anali akunong'onezana kale. A Armanda anatenga khanda kwa Olinda, naima pakati pawo.

"Mdalayu amanena za thupi, kutentha kwa thukuta. Zinazo chotsani m'mitima. M'mudzi muno mulibe munthu wozizira kuposa awa, mboni ndine."

Kuseka kunabuka, wina mpaka analuluta, kuyamikira nkhalamba yodziwa kudika. A Julião anakhala pampando, napukuta manja m'mawondo kawiri konse, ndipo anamulandira mdzukulu wawo. Kamwanako kanadzinyongola, kanatembenuzira mutu pachifuwa cha agogo ake, n'kuyamba kufunafuna ndi kukamwa pamwamba pa malaya.

A Armanda anawerama ngati akukonza kapulana wa mwanayo.

"Mwandibisira ine chaka chonse," anawanong'oneza, "koma uyu wakutulukirani tsiku loyamba."

A Julião anaseka mpaka mapewa kugwedera, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo sanafune kum'pereka mwanayo kwa wina aliyense.