Kompyuta Yovala Chitenje

Kompyuta yanga inkakhala pabalaza, pansi pa tebulo, pafupi ndi hita. Nyumba yathu ku Finglas, mu mzinda wa Dublin, ndi yaing'ono, moti kuchipinda kwanga kumangokwana bedi basi. Tsiku limene kompyutayo inafika, amayi anaiyeza ndi tepi n'kuisokera chovala cha chitenje chobiriwira, cha lesi m'mphepete. Tili ku Kawale ankavindikira chilichonse, wailesi, TV ngakhale firiji, poopa fumbi.

Ndinkasewera gemu ya pa intaneti ndi anzanga atatu. Mtsogoleri wa timu anali Chiku, mtsikana wa ku Ballymun, dera loyandikana ndi lathu, amene tinadziwana kutchalitchi. Maso ndi maso sindinkatha kumulankhula, koma m'mahedifoni mawu ankatuluka okha. Atatuwa ndiwo anali anzanga okha mu Dublin monse.

Gemu inkayamba bwino. Koma ikafika pakati, adani atachuluka, chithunzi chinkayamba kudumphadumpha, kenako n'kuuma. Chikamabwerera, ndinkapeza ndaphedwa kale.

"Iwe Luckson, wagonanso?" anakuwa Chiku tsiku lina. "Loweruka kuli mpikisano. Ukangoima ngati chipilala, titenga Fredson m'malo mwako. Sindikuseka."

Poyamba ndinkaganiza kuti ndi intaneti. Ndinakoka waya kuchokera pa rauta ya intaneti mpaka pa kompyuta, koma palibe chinasintha. Ndinachepetsa kukongola kwa zithunzi mpaka mitengo ya mu gemu inkaoneka ngati makatoni. Zinangochedwa pang'ono kuuma.

Lachinayi masana Chiku anandifunsa kuti, "Fani ikumveka bwanji?"

"Ikulira ngati ndege."

"Pisa dzanja kumbuyo."

Ndinalowetsa dzanja m'kati mwa chitenje n'kulibweza msanga. Chitsulo chinali moto. Chiku anati purosesa ndi khadi lopanga zithunzi zikatentha kwambiri zimadzichedwetsa zokha kuti zisapse. Fani inkakankha mpweya wotentha, chitenje n'kumaubweza. Ndinamuuza za chovala chimene amayi anasoka.

"Chitenje? Kompyuta yako ikupita ku chinkhoswe?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Ivule, iwe!"

Kunena kunali kosavuta. Amayi anasoka chovalacho pamanja, atatopa ndi ntchito yosamalira okalamba, ndipo alendo akabwera ankawaonetsa. Akaweruka amakhala pa sofa pomwepo, moyang'anizana ndi tebulo. Ndinayeserera mumtima mawu ambiri, koma onse ankamveka ngati chipongwe.

Lachisanu amayi atafika, ndinadikira kuti avule nsapato. Gemu ndinali nditaisiya ikuyenda.

"Amayi, tabwerani mugwire apa."

"Kwagwanji, bambo?"

Ndinagwira dzanja lawo n'kuliika pansi pa chitenje.

"Ii! Ili ndi malungo!"

"Ikufuna mpweya," ndinatero, maso ali pansi. "Nsaluyi ikutseka potulukira."

Kunja basi inadutsa, mvula ikuwaza pa zenera. Ndinadikira kuti akhumudwe.

"Ndiye bwanji osanena? Munthu watentha thupi sitimufunditsa bulangeti. Nanga waikhazikiranji pafupi ndi hita? Nzeru zimenezo ndi zako, osati zanga."

Tinaizimitsa n'kuisamutsira mbali ya kuzenera. Nditatsegula chivindikiro cha m'mbali, tinapeza fani yadzaza fumbi lotuwa ngati thonje.

"Waliona?" anatero amayi mokondwa. "Umati ku Ulaya kulibe fumbi."

Anabweretsa mswachi wakale. Ine ndinagwira fani kuti isazungulire, iwo akupukuta tsamba lililonse modekha. Kenako anatenga sizasi n'kudula chitenje kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Kunatsala kansalu ka pamwamba kokha, pomwe panalibe mabowo, ndipo anakapinda bwinobwino m'mphepete.

"Isakhale maliseche," anatero.

Loweruka masana mpikisano unayamba. Fani inkangonong'ona. Adani atachuluka ndinadikira kuti chithunzi chiume, koma chinapitirira kuyenda mosalala. Ndinadabwa kwambiri moti ndinathamangira pabwalo popanda pobisala, munthu wina n'kundiwombera. Tinapambana masewero awiri, lachitatu tinagonja.

"Lero kompyuta ilibe mlandu," anatero Chiku. "Zopusa zija wapanga wekha."

"Ndiye Fredson?"

"Fredson adikire. Mawa tikaweruka kutchalitchi tiyeserera. Ndipo undipatse moni, osangondidutsa ngati sukundidziwa."

"Chabwino," ndinayankha.

Amayi ali pa sofa anafunsa ngati tawina. Ndinawauza kuti ndatsala mu timu.