Mehendi ya Lachisanu, Mayeso a Lamlungu

Nuzhat ndi Shagufta anapangana ali atsikana osaposa zaka khumi, pa denga la nyumba ya amalume awo ku Bhopal. Amayi awo anali munthu ndi mng'ono wake. Tsikulo kunali ukwati wa wachibale wina, ndipo akazi akuluakulu anawathamangitsa pa mwambo wopaka mehendi, phala la masamba lofiiritsa manja, akuti ana amangotayitsa zinthu. Awiriwo anaba kambale ka phala la masamba lija, n'kuthawira nako pamwamba. Anaviika nsonga za zala zonse mpaka pa mfundo yoyamba, monga ankachitira amayi akale, ndipo zitauma n'kufiira ngati njerwa yootcha, analumbira kuti amene adzayambe kukwatiwa, mnzake adzaviika naye zala m'mbale imodzi, kuti pa ukwatipo manja anayiwo adzafanane.

Kenako moyo unawamwaza. Nuzhat anasowa malo pa sukulu za udokotala zakwawo, napita kukaphunzira kunja kwa dziko, ku Bishkek, kumene anaphunzira matenda onse a munthu ndi mitundu yonse ya kuzizira. Atamaliza anakagwira ntchito kunja zaka zingapo. Pobwerera anapeza mzinda wake utamusamukira osamutsanzika. Nyumba ya amalume ija anaigulitsa, pamalopo panali sitolo ya mafoni. Tiyi wa mchere amene kale ankamwera m'tambula yagalasi tsopano ankamuthira m'kakapu ka pepala, ndipo ankamveka pepala lomwelo. Ana a m'khwalala lawo ankamuyankha mwaulemu ngati mlendo. Chimene chinatsala mmene anachisiyira chinali Shagufta yekha, ndi kuseka kwake komenya nako mnzake pa ntchafu.

Tsono kumeneko dokotala wa digiri imodzi amamuona ngati mpunga wosapsa. Kuti akaphunzire ukatswiri ayenera kupambana mayeso amene amabwera kamodzi pa chaka, olembedwa ndi chinamtindi cha madokotala olimbirana malo ochepa. Nuzhat ankafuna udokotala wa ana. Chaka chathacho anaphonya pang'ono, ndipo azakhali ake anayamba kumufunsa ngati ku Bishkek kuja ankaphunzira mankhwala kapena kuyenda pa chipale. Choncho analipira desiki m'chipinda chowerengeramo, pansi pa sitolo ya nsapato, pamodzi ndi madokotala anzake amene anali ataiwala maonekedwe a dzuwa.

Akuluakulu a mayeso atasintha tsiku, linagwera Lamlungu lomwe Shagufta ankakwatiwa. Zimenezo pazokha sizinali mlandu, pakuti mayeso anali m'mawa, ukwati madzulo. Mlandu unali pa chipata. Kumeneko makina amawerenga zidindo za zala kuti wina asalembere mnzake, ndipo malangizo ananena poyera kuti munthu asabwere ndi mehendi kapena utoto uliwonse ku zala. Mwambo wa mehendi unali Lachisanu.

M'chipinda chowerengeramo aliyense anasanduka katswiri wa makinawo. Dokotala Parvez wa desiki loyandikana naye analumbira kuti amangotenga chala chachikulu chakumanzere. Wina anati zonse khumi. Wachitatu anati mtsikana wina ku Indore anamubweza akulira, ngakhale atafunsidwa anavomera kuti iye sanamuone, anamva kwa mlamu wa mnzake.

Nuzhat, pokhala munthu wa sayansi, anaganiza zoyesa. Anapaka mehendi chala chachikulu chakuphazi, n'kudikira kuti igwire, kenako n'kuyamba nkhondo yoichotsa. Anayesa ndimu, mankhwala otsukira mano, mchere wosakaniza ndi mafuta, sopo wochapira, pomaliza mwala wokhulira mapazi. Chalacho chinafiira kuposa poyamba, china ndi mehendi, china ndi ululu. Amayi ake atamuona akutsimphina anangoti dokotala wotere Mulungu awachitire chifundo ana a anthu.

Anapita kwa Shagufta atakonzekera bwino, ngati wokauza wodwala nkhani yovuta. Anamupeza atakhala pakati pa nsalu za ukwati akudya mtedza. Anafotokoza za makina, za mtsikana wa ku Indore, za chaka china chathunthu pansi pa sitolo ya nsapato. Kenako anapereka maganizo ake: aviike atavala magolovesi, kapena apake kuseri kwa manja kokha, kapena aviike zala zakumapazi, popeza chimodzi chinali chitayamba kale.

"Adokotala," anatero Shagufta, "tinalumbira ndi mapazi ife? Makina anuwo munaba nawo mbale? Anakwapulidwa nanu limodzi tsiku lija?"

"Iwe, ndi chaka chonse cha moyo wanga."

"Ine ukwati ndi wa chaka chilichonse eti? Ukaphonya uno udzabwera wa chaka chamawa?"

Anaseka onse, koma Shagufta sanamumenye pa ntchafu. Ndipo m'pamene Nuzhat anamva zimene sankazidziwa. Apongozi a Shagufta ankafuna mehendi ya masiku ano, yojambula maluwa mpaka m'zigongono, imene atsikana olipidwa amakopera pa foni, dzina la mkwati litabisidwa pakati. Shagufta anakana milungu ingapo, mpaka kuoneka wamwano asanalowe n'komwe pakhomopo. Anawauza kuti adzaviika nsonga za zala mwachikale, chifukwa ali ndi m'bale wake amene anachokera kutali kudzaviika naye.

Lachisanu masana bwalo la kwawo kwa Shagufta linadzaza. Azakhali anatulutsa kang'oma n'kuyamba nyimbo zonyoza banja la mkwati, kuti mphuno zawo n'zazitali ndi tiyi wawo ngwamadzi. Mbale itabwera, Nuzhat anakhala moyang'anizana ndi mkwatibwi, napinda manja a malaya. Fungo la phalalo linamubwezera pa denga limene kulibenso. Zala zake zinafika pamwamba pa phala, zinaima pomwepo ngati mwana woopa jekeseni, kenako zinapita m'mbali mwa mbale n'kuigwira.

"Ndikugwirire, ingatayike," anatero.

Shagufta anamuyang'ana, naviika zake. Azakhali ena anafuula kuti adokotala akusunga zala zawo kuti akazionetse kwa boma. Anthu atabalalika, Shagufta anavundikira mbale ija ndi nsalu yonyowa, zala zili m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi.

"Mehendi imagwira ndi tsiku limodzi," anatero. "Ndikusungira mpaka mawa dzuwa lilowe. Sindikuitananso."

Loweruka Nuzhat anatsikira pansi pa sitolo ya nsapato ndi cholinga chowerenga mutu umodzi wokha, kenako apite. Ankafuna zonse, zala zofiira ndi malo pa sukulu, ndipo ankadziwa bwino mmene pusi uja anagwera chagada. Atamaliza matenda a impso anati aonenso a mtima. Atamaliza a mtima anakumbukira kuti katemera wa ana amamusokoneza. M'chipinda chimenecho mulibe zenera, kotero munthu atha kunena kuti sanaone dzuwa likulowa.

M'mawa wa Lamlungu, pa chipata cha mayeso, madokotala a dziko lonse ankavulidwa ulemu mmodzimmodzi. Ndolo, mawotchi, mphete, timikanda ta mwayi, zonse zinatsala panja m'manja mwa makolo. Kutsogolo kwa Nuzhat kunali mtsikana wamfupi, wotafuna chingamu, zala zake zakuda bii ndi mehendi yatsopano. Nuzhat anamumvera chisoni, ndipo pansi pa chisonicho panali kachimwemwe kamene sakanakaulula kwa munthu.

Makina anakana chala cha mtsikanayo. Anakananso kachiwiri. Mayi woyang'anira chipata anatulutsa kansalu, napukuta galasi, napukuta chala, nachikanikiza yekha ngati akusindikiza chapati. Nyali yobiriwira inayaka.

"Pita, mkwatibwi iwe," anatero mayiyo. "Wotsatira."

Chala cha Nuzhat makina anachilandira nthawi yomweyo, osathokoza n'komwe.

Mayeso anamuyendera bwino mokwiyitsa. Impso zinabwera, mtima unabwera, katemera uja anabweranso monga anamuwerengera dzulo lake madzulo. Mtsikana wa chingamu anakhala mzere wakutsogolo, ndipo nthawi iliyonse Nuzhat akakweza maso ankaona zala zakuda zija zikuthamanga pa kompyuta popanda vuto lililonse.

Ukwati unali mu holo yatsopano ya magalasi, kumene kale kunali munda wa magwafa. Nuzhat anadikira pa mzere wa abale okajambulitsa ndi mkwatibwi. Atafika, Shagufta anasendera kuti akhale, namukonzera ndolo imene inapindika, namufunsa mmene makina anamulandirira. Nuzhat anati bwino. Za mtsikana wa chingamu sananene.

"Ndiye tikhala ndi dokotala wa ana pabanja," anatero Shagufta. "Ana anga azidzabwera ulere, usaiwale."

"Ndikulonjeza."

"Ayi, adokotala, zolonjeza ayi. Ungobwera nayo jekeseniyo."

Wojambula anawauza kuti ayandikane, atambasule manja kutsogolo monga amachitira atsikana pa ukwati. Anatambasula. Nsonga za zala za Shagufta zinali zakuda mpaka pa mfundo yoyamba. Za Nuzhat zinalibe kanthu.