Mayina Awiri a Bambo Masiye

Kalata ya kampani yokumba mafuta ku Oklahoma, ku Amereka, inafika ku Croydon, ku Britain, pa 9 Okutobala 2024, ndipo Ellen anaiwerenga ali chiimire pakhomo. Inali yachinayi chimwalirireni bambo ake mu Malichi 2022. Nkhani inali yomweyo: ndalama za pachitsime cha mafuta zikusungidwabe, chifukwa mwini gawo la pachitsimepo ndi Evance Masiye, pomwe chikalata cha imfa chikutchula Luke Situmbeko. Chatsopano chinali tsiku. Ana a malemuwo akapanda kulumbira pamaso pa loya pofika pa 30 Novembala kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ndalamazo zipita ku boma la ku Oklahoma.

Analidi munthu mmodzi. Bambo Masiye anaphunzira ku Oklahoma kuyambira 1968 mpaka 1971, ndipo mayi wina wokalamba wa kutchalitchi kwawo, wopanda mwana, anawalembera gawo la chuma cha pansi pa munda wake. Mu 1976 bambowo anathawa kuchoka ku Zomba apolisi ali pambuyo, ndipo ku Lusaka anatenga mapepala a mnzawo womwalira, Luke Situmbeko. Ellen anabadwira komweko mu 1979, mwana wa Situmbeko, banjalo lisanasamukire ku Britain. Pasipoti yake ya Britain, ya mu 1988, inamera pa dzina lobwerekalo. Ntchito yake ya unamwino ndi nyumba yomwe ankakhala zinatsamira pa pasipotiyo.

Madzulo ake anaimbira foni mlongo wake wamng'ono, Edgar.

"Achemwali, zaka ziwiri akutizungulitsa anthuwa. Tisayine basi."

"Iwe unabadwira konkuno, ku Tottenham," anatero Ellen. "Ine ndinalowa m'dziko muno pa dzina la munthu wakufa."

"Ndani angafukule za 1988? Akungofuna pepala."

"Pepala lili ndi miyendo, Edgar."

"Inuyo mumanjenjemera ndi bilu ya madzi yomwe," anaseka Edgar.

Lachinayi pa 14 Novembala Ellen anakwera thiramu, sitima ya m'misewu ya m'tauni, kupita kwa loya. Atatsika anadutsa pa maofesi oona za olowa ndi kutuluka m'dziko. Panja panali mzere wa anthu atakumbatira mafayilo pachifuwa. Iye anayang'ana pansi mpaka anapitirira.

Loyayo, mayi wa imvi wolankhula modekha, anawerenga chikalata cha lumbirolo kawiri nachiika patebulo.

"Ndikalumbira, a boma la kuno angadziwe?" anafunsa Ellen.

"Ine sindingawauze. Koma chikafika uko chikalembedwa m'kaundula wa boma, ndipo aliyense atha kuchiwerenga. Za unzika si mbali yanga. Sindingakulonjezeni chilichonse."

Ellen anagwira cholembera. Anaona mzere wonena kuti Luke Situmbeko silinali dzina lenileni la bambo ake, ndipo pansi pake panali malo a dzina lake. Anabweza cholemberacho, nathokoza, natsika masitepe.

Pamsewu anaimbira Edgar. "Sindinasayine. Ndalamazo zipite. Usandikakamizenso."



"Achemwali, musakwiye. Ine ndinalumbira kale kwa loya wa ku Wembley. Ndinatumiza Lachiwiri."

"Unalembamo chiyani?"

"Zimene anafunsa. Mayina onse awiri a bambo, chaka chimene anasintha, ana awo."

"Ana awo."

"Ine ndi inu. Ndi kumene tinabadwira."

Thiramu inafika, zitseko zinatseguka, zinatsekekanso. Ellen sanakwere. Anawerengera masiku: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Envelopuyo inali itaoloka kale nyanja.

Anakweranso masitepe aja. Kwa mlembi wa pakhomo anapempha loya wodziwa za unzika, tsiku loyandikira kwambiri.

"Lolemba pa 18, hafu pasiti naini," anatero mlembiyo.

Ellen analemba tsikulo kuseri kwa kalata ya kampani ija. Cholembera chinaboola pepala.