Matabwa a ku Depoti

Tchimo limene kalipentala anali pafupi kuchita linali lodziyesa wodziwa, ndipo chenjerani, pakuti tchimo limeneli limakonda anthu abwino. Mkuluyu anali waluso ndi wamtima wofewa, koma kachingerezi kake ankakanyadira koposa luso lakelo. Pa chakudya ankaphunzitsa banja lake kuti shopu ndi pogulitsira, holoselo ndi popikulira, ndipo sitolo kwa eni chinenerocho nthawi zina ndi kachipinda kosungiramo matsache chabe. Mkazi wake ankangovomera, n'kumuthirira tiyi wina.

Kunatsala masabata awiri kuti mwana wawo wamkazi, namwino, akwatiwe, ndipo bambo wakeyo anali atalonjeza kumukhomera bedi la mtengo wolimba ndi manja ake. Kampani ya matabwa inalemba kalata m'Chingerezi kuti matabwa otsiriza a mtunduwo yamusungira ku depoti mpaka Loweruka masana. Akapanda kufika, ipatsa wina.

Namwinoyo anapempha kuti aione kalatayo. Bambo wake anaipinda, naiponya m'thumba.

"Iwe zibaya anthu jakisoni, Chingerezi undisiyire ine. Depoti ndani saidziwa?"

"Abambo, kufunsa si kupusa," anatero mkazi wake. Iye anayankha kuti anayamba kukwera basi mayiwo asanamere mano.

Loweruka anabwereka ngolo yokankha, nakaima pa depoti ya mabasi kuyambira m'mawa. Basi iliyonse ikafika ankatukula khosi kuyang'ana katundu wa pamwamba, mpaka makondakitala anayamba kumufunsa ngati akudikira mkazi amene anamuthawa. Dzuwa litapendeka, wogulitsa matikiti anamumvera chisoni nawerenga kalatayo. Anamufotokozera kuti depoti ya m'kalatamo si ya mabasi ayi, koma nyumba yosungiramo katundu wa kampaniyo, kuseri kwa njanji, monga momwe mzere wa pansi unanenera. Kalipentala anali asanawerenge kufika pansipo.

Anathamanga, ngolo ikulira patsogolo pake, koma anapeza chipata chotseka. Mlonda anati matabwawo anakwera lole ya munthu wina kalekale.

Kunyumba palibe amene anamuseka. Mwana wake anamuvula chipewa, namupukuta thukuta, namuuza kuti ukwati sukhala pa matabwa. Komabe kunyada kunalipiritsa mtengo wake wonse: namwino analowa m'banja ndi bedi lachitsulo lochita kugula, ndipo bambo wake sanakhomepo msomali ngakhale umodzi.